Yaro Wafika pa Zomba

Mphwanga, amayi ako andiimbira foni katatu sabata ino. Koyamba ankalulutira kuti dzina lako latuluka pa mndandanda wa NCHE. Kachiwiri ankafunsa ngati ku Zomba kumazizira, ndipo ndinawauza kuti mu June chifunga chikatsika m'phiri muja ngakhale mbuzi zimafuna juzi. Kachitatu anangoti, "Achimwene, inu munadutsako kumeneko, kamulangizeni mwanayu." Ndiye khala pansi umve.

Sukulu yakoyo masiku ano ikutchedwa University of Malawi, chiyambire 2021 pamene Poly inakhala MUBAS ndipo madokotala ndi anamwino anakadziyimira paokha ku KUHeS. Zimenezo ndi za pa kalata. Mu tawuni ya Zomba aliyense amati Chanko, monga akhala akunenera kuchokera 1973 pomwe koleji inasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga. Ukakauza wakabaza kuti akusiye ku "University of Malawi", adzakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumwetulira, mtengo n'kukwera kawiri.

Komatu ngakhale utatseka pakamwa, adzakudziwa. Wa chaka choyamba, amene kumeneko amati yaro, amanunkha kutali ngati usipa wa mu minibasi. Chikwama chatsopano kapepala ka mtengo kali lendelende. Ndowa ya pulasitiki m'dzanja ili, kathumba ka ufa m'dzanja linalo. Pachifuwa wakumbatira envulopu ya khaki, muli satifiketi ya MSCE, ngati kuti pa depoti pali munthu amene akufuna kumubera mapointi. Anyamata a kabaza akamuona amasiya bawo, onse n'kuyamba kumutchula "bwana", "biggie", "dokotala". Tsiku limenelo lokha ndi limene udzatchulidwe dokotala usanalembe mayeso. Usangalale nalo, koma ufunse mtengo usanakwere.

Nkhani yaikulu ndi malo ogona. Zipinda za pasukulu sizikwanira aliyense, choncho mwina udzapezeka ku Chikanda, kumene nyumba iliyonse yokhala ndi chitseko ndi "hositelo". Ine m'nthawi yanga ndinakhalapo kwa mayi ena, dzina lawo tisalitchule poti adzukulu awo amawerenga. Anandionetsa chipinda n'kunena kuti, "Muno ndi mwa anthu awiri okha, mwana wanga, ine sindikonda chipwirikiti." Pofika Lachisanu tinalimo anayi. Wachisanu ankabwera usiku, amati ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo ankagona pakati pa ndowa zathu. Pakhoma panali zizindikiro zoti kale munkagona nkhuku, ndipo tambala wina ankabwerabe m'mamawa kudzaima pakhomo, kutiyang'ana ngati anthu omulanda nyumba.

Mayiwo anali ndi mphuno ya magetsi. Ukangolumikiza kahotipuleti, ngakhale utatseka mawindo ndi bulangeti, mphindi ziwiri sizinkatha asanagogode.

"Odi, ana anga. Mayunitsi akuthamanga. Ndani akuphika nyemba?"

"Palibe, amayi. Tikuwerenga."

"Mukuwerenga buku la nyemba?"

Ukakumana ndi otere usakangane nawo. Uziwapatsa moni m'mawa uliwonse, uwafunse za mwendo wawo, ukabwera kuchokera kumudzi uwapatseko mtedza pang'ono. Lendi ikachedwa, mtedza umenewo ndiwo udzakuyankhulire.

Tsopano ndalama. Ya ngongole ikangolowa, Zomba yense amadziwa iwe usanadziwe. Wachiwaya amawonjezera mbatata, wometa amanola makina, ndipo mnzako amene sanakupatsepo moni chiyambire semesita amatulukira n'kunena kuti, "Aise, wasowatu." Mwana wasukulu amalemera masiku asanu ndi anayi. Tsiku loyamba chipisi ndi nkhuku, saladi pamwamba, Fanta wozizira pambali. Lachitatu wagula sipika ya Bluetooth yoti nayo azimverera "maphunziro". Sabata yachiwiri wabwerera ku soya pisi. Yachitatu ali pa bonya wa pa Mpondabwino, ndipo akumuwerenga mmodzimmodzi pothira mumphika. Ikafika yachinayi amayamba luso limene silili pa ndandanda ya maphunziro koma aliyense amakhoza: kuyendera anzake nthawi ya nkhomaliro.

Lusoli lili ndi malamulo ake. Sufika nsima ili pamoto, angakutume kukagula tomato. Sufika itatha. Umafika mthiko ukungotuluka mumphika, buku lili m'manja, nkhope ya munthu wovutika ndi funso la masamu. Akati "tiyeni tisambe m'manja", umakana kamodzi. Ukakana kawiri, anzako a masiku ano amakhulupirira.

Uchenjere ndi makonti, awo amene anakutsogolera pasukulupo. Ambiri ndi abwino. Koma pali mtundu wina umene umadziwa chilichonse: mphunzitsi uti amabwereza mafunso, uti safuna munthu wochedwa, kalasi iti "siyofunika kulowa". Munthu wotere udzamupeza atakhala pakhonde, akulangiza mayaro khumi mwaulemerero ngati nyakwawa. Umufunse mwaulemu kuti, "Akulu, inuyo muli chaka chanji?" Akayamba ndi mawu oti "nkhani yake ndi yaitali", nyamuka. Yemweyo ndi amene amayamba kukonda kuperekeza atsikana a chaka choyamba ku laibulale, malo amene iye mwini sanalowemo chiyambire.

Ku laibulaleko udzapeza mipando yodzaza ndi zikwama, eni ake kulibe. Chikwama chimawerenga kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo, mwini wake ali pa WhatsApp pansi pa mtengo kumene intaneti imagwira. Zikanakhala kuti madigiri amapatsa zikwama, Great Hall bwenzi ikudzaza ndi zipi.

Mawu awiri uwaope: sapu ndi kuwidwa. Sapu ndi mayeso obwereza, amene amakubweza ku Zomba anzako ali kumudzi kudya mango, ndipo makolo umawauza kuti "aphunzitsi andisankha kuti ndikathandize kafukufuku". Kuwidwa n'kuzulidwa ngati udzu wa m'munda wa chimanga. Wowidwa amanyamula ndowa yake usiku, ndipo kumudzi amakafotokoza kuti sukuluyo inali ndi ndale.

Za mapemphero ndi za Lachisanu usiku sindinenapo zambiri. Magulu onse awiri adzakupeza sabata yoyamba, onse adzakuuza kuti akukufunira zabwino, ndipo ena mwa anthu ake ndi omwewo, amangosintha malaya.

Chimene amayi ako akuopa kwenikweni, ngakhale sananene, ndi tchuthi choyamba. Tinaziona kwa mwana wa aneba athu. Anapita ali munthu, patatha miyezi inayi anabwera atavala magalasi opanda mankhwala, chingwe cha ID chili m'khosi mpaka ku dimba. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi "akichwale". Agogo ake atamupatsa thobwa anafunsa ngati madzi ake anawiritsidwa. Pa maliro a kwa amfumu, anthu akukambirana za amene akakumbe manda, iye anaimirira n'kunena kuti vuto la mudzi uno ndi "mayindiseti". Adzukulu anangomupatsa khasu. Anakumba mpaka matuza, ID ili lende m'khosi, ndipo mpaka lero ana amamutchula kuti Akichwale.

Iwe ukabwera, ugwade popereka moni kwa agogo ako monga umachitira, ndipo akakufunsa zimene ukuphunzira usawauze dzina la kosi. Uwauze kuti ukuphunzira za kasamalidwe ka chuma, ngakhale adzayankha kuti, "Nanga bwanji ndalama imakuthera pa 10?" Funso limenelo ine anandifunsa agogo akowo ndili chaka chachitatu, ndipo yankho ndikulifunafunabe.

Amayi ako akonza ufa, nyemba ndi chigumu cha pa ulendo. Chigumucho udye mu basi, usakafike nacho ku Chikanda, kuli anthu anayi akudikira. Ine ndakutumizira kangachepe pa Mpamba, ndi yochotsera yomwe. Ukandifulasha sabata isanathe, sindidzaimba. Ndidzangodziwa kuti sipika wagula.