Ulemu kwa Ng'ona ya Pansi pa Tebulo

Loweruka masana, muholo ya ukwati ku Lilongwe kapena ku Limbe, woyendetsa mwambo sasiya munthu. Amathokoza ankhoswe akuchimuna ndi akuchikazi, abusa amene adalitsa mphete, akomiti ya zakudya, ngakhale wobwereketsa mipando. Ikakwana nthawi yodula keke, nthungululu zimang'amba denga, mafoni onse ali m'mwamba. Keke ya nsanjika zinayi ili poteropo, yoyera mbee, maluwa a shuga atatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Posakhalitsa zidutswa zake zakulungidwa n'kuyamba kugulitsidwa, ndalama zikugwera m'beseni. Mayi amene waikongoletsa mwina atchulidwa dzina, mwina aiwalika.

Koma pali wantchito wina amene sanathokozedwepo chiyambire maukwati. Ngakhale khadi sanapatsidwe. Wasiyidwa pakhomo la khitchini, ali mbuu ndi shuga waufa, atachezera usiku wonse osatulutsa liwu. Ameneyo ndi nsapato ija yotupa, yoboolaboola, imene anthu amaitcha Crocs, kaya yeniyeni kaya yongofanizira ya kumsika.

Kuitama sikufuna bodza: nsapatoyi ndi yonyansa. Kutsogolo kwake kuli ngati buledi amene wafufuma mopyola chitini. Pamwamba pake pali mabowo 13, ngati kuti makoswe anayamba kuidya kenako n'kugwa ulesi. Mitundu yake ndi ya zidole za ana. M'chaka cha 2010 magazini ya Time inaiika pa mndandanda wa zinthu 50 zoipitsitsa zimene anthu anapangapo. Zisanafike apo, okonza filimu ya Idiocracy, imene inatuluka mu 2006, ankafunafuna nsapato zoti aveke anthu opusa a m'tsogolo. Anasankha yomweyi, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu wamutu wake sangaivale pamsewu. Pamene filimuyo inkatuluka, nsapatoyo inali itayamba kale kudzaza misewu.

Mbiri yake ndi ya m'madzi. Anthu atatu a ku Boulder, m'chigawo cha Colorado ku America, omwe ndi Scott Seamans, Lyndon Hanson ndi George Boedecker, anakopeka ndi nsapato yopepuka yonga siponji imene kampani ya Foam Creations inkapanga ku Quebec, m'dziko la Canada. Anaiwonjezera kalamba kakumbuyo, n'kupita nayo ku chionetsero cha mabwato ku Fort Lauderdale mu 2002. Mapeyala 200 amene ananyamula anatha onse. Dzina analitenga kwa ng'ona, nyama yokhala kumtunda ndi m'madzi momwe. Ndipo poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nsapato ya amalinyero inatsika m'bwato n'kulowa m'zipatala, m'makhitchini a mahotela, mpaka lero abale ake, enieni ndi omupeza, ali mulu pa kaunjika wa ku Tsoka ku Lilongwe.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mayi wodziwa kukongoletsa chilichonse amavomera kuvala chinthu chosakongola chotere, ayenera kumupeza Lachisanu usiku. Makeke anaphikidwa dzulo kapena dzana, azizira. Tsopano ndi nthawi yowadula kuti afanane, kuwapaka kirimu, kuyala fondanti ndi chipini, kuinyamula mosamala ngati khanda n'kuifunditsa pa keke popanda kung'ambika. Mu Okutobala, pamene maukwati amapanikizana, kutentha kwa masana kumasungunula kirimu wa batala asanakhazikike, choncho ntchito yosamalitsa imadikira usiku. Magetsi akathima madzulo, ndiye kuti usikuwo watalikirapo. Kenako pamabwera ntchito ya mizere ndi timadontho, dzanja likufinya kathumba ka aisingi, mpweya utagwidwa, khosi litapindika, thupi lonse lili chilili pamalo amodzi ngati mtengo wa bendera.

Ngakhale keke za mafumu zimatuluka m'mavuto omwewa. Ya ukwati wa Prince William ndi Catherine Middleton mu 2011, imene anakonza Fiona Cairns ndi gulu lake, inali ya nsanjika 8, yokhala ndi maluwa ndi masamba a shuga pafupifupi 900, ndipo inadya masabata asanu. Ya Elizabeth ndi Philip mu 1947, yopangidwa ndi McVitie and Price, inali yaitali mamita pafupifupi 2.7. Dziko lonse linaona zithunzi za makeke amenewo. Zithunzi za mapazi a amene anawakonza sizinatchuke.

Chonsecho phazi si kanthu kamasewera. Lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, zomangidwa ndi minofu ndi mitsempha yoposa 100. Kunsi kwake kuli mnofu wolimba ngati luzi, wochokera ku chidendene kukafika ku zala, umene umagwira kupindika kwa phazi monga chingwe chigwirira uta. Ukakokedwa maola ambiri tsiku ndi tsiku pa simenti yosagonja, umayamba kupweteka, ndipo madokotala amatcha vutoli plantar fasciitis. Chizindikiro chake amachidziwa bwino ophika makeke: m'mawa, phazi likangoponda pansi kuchoka pabedi, chidendene chimalasa ngati waponda minga ya mthethe, kenako ululu n'kuyamba kuchepa munthu akayendayenda.

Chodabwitsa n'chakuti kuima chilili kumatopetsa miyendo m'njira imene kuyenda sikutopetsa. Munthu akamayenda, akatumba amafinya mitsempha ndi kukankhira magazi kumtunda, kubwerera kumtima. Akaima osasuntha, pampu imeneyo imapumula, magazi amadikha kumunsi, akakolo amatupa, ndipo pakapita zaka mitsempha ya m'miyendo imatha kufufuma n'kuoneka ngati mizu. Si nkhani yatsopano. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, m'buku lake la matenda a anthu apantchito la mu 1700, analemba za ophika buledi ochezera usiku, komanso za amisiri ogwira ntchito ataimirira, amene mitsempha yawo ya m'miyendo imatupa. Phazi likatopa, munthu amatsamira mbali imodzi, chiuno chimapendekeka, ndipo msana, umene wawerama kale pamwamba pa keke, umalandira ngongole yonse.

Apa ndi pamene ng'ona imaonetsa ufumu wake. Imalowa pakati pa chidendene ndi simenti ngati nkhoswe pakati pa banja lokangana, n'kulandira nkhonya za mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kwake konyozeka kuja ndi bwalo lalikulu limene zala zimatambasukamo, ngakhale phazi litatupa pakati pa usiku. Ndi yopepuka moti imayandama pamadzi. Dzira likaswekerapo, mtundu wofiira wa keke ukadontherapo, siisunga chakukhosi: madzi, sopo, basi yayera. Sifuna polishi, sifuna zingwe, sifuna munthu awerame kuti aivale, zimene msana wa Lachisanu usiku umayamikira kuposa nyimbo.

Opikisana nayo onse anayesedwa. Gogoda ndi mfumukazi ya pazithunzi, koma imakweza chidendene, n'kutsanulira kulemera kwa thupi pa zala zopanikizidwa kunsonga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Patapata ndi mnzake wa aliyense, wotchipa, wopezeka pa okala iliyonse, koma ndi wopyapyala ngati chitumbuwa chosafufuma, ndipo zala zimachita kumugwira ndi mphamvu kuti asathawe. Ena amati bola kupanda nsapato, monga ankachitira agogo. Koma agogo ankaponda dothi lozira, limene limagonjerako, osati simenti yopakidwa polishi wofiira, imene ikakumana ndi kadontho ka majarini imasanduka matope a mu Januwale. Munthu wonyamula keke ya nsanjika zitatu alibe dzanja lotsala loti adzigwirire.

Mfumu yeniyeni imauzidwanso zolakwa zake, ndipo ng'ona ili nazo. Madokotala a mapazi akhala akuchenjeza kuti siigwira chidendene mokwanira. Wovala akaponya kalamba kutsogolo, monga ambiri amachitira pofuna kuoneka omasuka, phazi limasewera m'kati ndipo zala zimabwerera ku ntchito ija yogwira ngati ya patapata. Kalambako malo ake ndi kumbuyo. Kufewa kokha sikuchiritsa aliyense: wa phazi lophwatalala kapena wa chidendene cholasa angafunike nsapato yolimbirapo, monga za Birkenstock, banja la ku Germany limene linayamba kusoka nsapato mu 1774, kapena za Dansko zimene anamwino ndi ophika ambiri ku America amakonda, kapenanso nsapato wamba yothamangira yomanga bwino. Mabowo 13 aja, abwino polowetsa mphepo, amalowetsanso china chilichonse. Shuga wowiritsidwa wopangira zokongoletsa zolimba amafika pa madigiri 150, ndipo akadontha safunsa kuti bowo ndi la fashoni. N'chifukwa chake kampani ya Crocs inatulutsa mtundu wa Bistro, wopanda mabowo pamwamba, wokhala ndi kunsi kogwira pansi poterera.

Ilinso ndi tsoka limodzi loseketsa. Ng'ona ya mu Shire imakonda kuothera dzuwa pamchenga, koma iyi ikatsukidwa n'kuyanikidwa padenga la malata masana onse, imafota n'kukhala ya mwana. Imafuna mthunzi. Ndipo ikakalamba, kunsi kukasalala ngati mbale, m'kati mutaphwatalala, ulemu wake ndi kuipumitsa, ikathere kubafa kapena kudimba.

Palibe mfumu yolamulira yopanda nduna. Nduna yaikulu ya ng'ona ndi njerwa. Njerwa imodzi, yoikidwa pansi pa tebulo, yoti phazi limodzi lizipondapo kwa kanthawi kenako linzake, imamasula m'chiuno ndi kupeputsa msana. Eni mabala ku Ulaya ndi ku America anatulukira nzeru imeneyi kalekale, n'kuika chitsulo chopondapo m'munsi mwa kauntala kuti womwa asatope msanga. Nduna yachiwiri ndi mphasa yofewa ya labala yopondapo, bola ikhale yosaterera ndi yosapinda m'mphepete. Yachitatu ndi kambale kozungulira koikapo keke, kamene kamachititsa kuti keke ndiyo izivina, osati msana wa mwini wake. Palinso msinkhu wa tebulo. Ntchito yamphamvu, monga kuyala fondanti, imafuna tebulo lotsikirapo pa chigongono, kuti thupi lithandize manja. Ntchito ya mizere imafuna keke ikwere pafupi ndi maso, ngakhale pochita kuikweza pa bokosi lolimba. Maluwa a shuga, amene amadya maola ochuluka kuposa china chilichonse, sanalamulepo kuti azipangidwa munthu ataimirira. Mpando ulipo.

Zotsalazo n'zapafupi. Nsapato igulidwe madzulo, pamene phazi latupa kufika pa msinkhu wake wa pantchito, osati m'mawa likadali laulemu. Pakati pa nsanjika ina ndi inzake, kuyenda kukafika pakhomo ndi kunyanyamphira kangapo kumadzutsa pampu ya akatumba. Ntchito ikatha, botolo la madzi oundana logubuduzidwa kunsi kwa phazi limaziziritsa luzi lija, ndipo kugona chagada miyendo itatsamira khoma kumabweza magazi kwawo. Ululu ukakana kuchoka kwa masabata, kapena mwendo ukayamba dzanzi, makamaka kwa wodwala shuga wa m'magazi, nkhaniyo yachoka m'bwalo la ng'ona, yapita kuchipatala.

Dziko la fashoni, limene linaiseka, linadzagwada mochedwa. Mu 2006 kampani ya Crocs inagula Jibbitz, bizinesi ya timikanda totseka mabowo aja imene Sheri Schmelzer anayambira kunyumba kwake, pa madola 10 miliyoni. Mu 2008 inaluza ndalama zankhaninkhani moti ambiri anayamba kukonza maliro. Ng'ona inangomira, sinafe. Mu 2017 nyumba ya fashoni ya Balenciaga inaiika kunsi kokhuthala ngati njerwa ziwiri n'kuiyendetsa pa chionetsero ku Paris, ndipo peyala inkagulidwa madola 850. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, ambiri anazindikira zimene anamwino ndi ophika ankadziwa kale. Koma ya ku Paris ija, mayi wa makeke sangapite nayo kukhitchini. Anaichotsa chinthu chimodzi chokha chimene iye anaikondera.

Loweruka lija likamatha, mayi uja amabwera kuchokera kuholo atavala gogoda, chifukwa wopereka keke ayenera kuoneka ngati keke yake. Akutsimphina kuyambira pageti. Matabwa a nsanjika ali m'khwapa, foni ikulira: kasitomala wina akufuna keke ya tsiku lobadwa mawa akatuluka m'tchalitchi, ya mtundu wa pinki, yokhala ndi chidole pamwamba. Pakhomo la khitchini amavula gogoda n'kuziponya pakona. Ng'ona ili pomwe anaisiya m'bandakucha, ndipo nyerere zapeza shuga wa m'mabowo, zandanda mzere kuchokera pazenera. Amaigogoda kawiri pakhoma, amabweza kalamba kumbuyo, amakankhira njerwa pamalo pake ndi phazi, n'kuyatsa uvuni.