Kalumo Kakuthwa M'boneti

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za mudzi umene wakhalira mlandu umodzi mpaka nkhuku kulowa m'khola, kenako munthu wapaulendo, wongopatuka kudzapempha madzi akumwa, n'kuumasula ndi mawu awiri. Mwambi wabwino, koma anaulekeza panjira. Sanatiuze kuti kalumoko kakamaliza kumeta tsitsi kamalowera kuti. Odziwa zimenezo ndi anthu osintha injini za magalimoto akale.

Tengani Land Rover ya Series III, ija inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, imene kuno kwathu inanyamula apolisi, odwala, ansembe ndi alangizi a zaulimi. Thupi lake ndi la aluminiyamu, silidyeka ndi dzimbiri, ndiye galimotoyo imangokana kufa. Koma injini yake ya dizilo ya malita 2.25 inkatulutsa horsepower 62 basi, ndipo pamenepo n'kuti ili yatsopano. Lero theka la mphamvuyo linatuluka kale ndi utsi. Pachitunda mwini wake amapatsana moni ndi wakabaza, kufunsana za ana kunyumba, mpaka wakabazayo n'kutsanzika kuti ali pachangu. Munthu wochitidwa chipongwe chotere usiku sagona. Amayamba kulota mlendo.

Dziko lililonse lili ndi mlendo amene limamukonda. Ku Australia ankazula injini ya Land Rover n'kuikamo ya Holden ya masilinda 6, poti masipeya ake ankapezeka ngakhale m'katauni kakumidzi. Ku South Africa kunatchuka V6 ya Ford ya malita 3, kenako V8 ya Lexus ya malita 4, imene inabwera ndi LS400 mu 1989 kuti izinyamula mabwana a tayi, koma lero ikubangula mu Hilux pafamu. Ku Britain amakonda 200Tdi, dizilo ya turbo ya horsepower 111 imene inabwera ndi Land Rover Discovery mu 1989.

Mlendo akafika, vuto loyamba ndi pogona. Mabowo a mabawuti ake sakumana ndi a giyabokosi, ndiye pakati pamafunika chitsulo cholumikizira. Miyendo yokhalira pa chasisi iyenera kudulidwa n'kuwotcheredwanso. Ladiyeta yakale ikuwira, ekizozi ikufuna kudutsa pamene pali kale chitsulo cha chiwongolero. Musayese kuti ndi mavuto a ku Biwi kapena ku Ndirande kokha. Mu 1964 kampani ya Rootes inapanikiza V8 ya Ford m'kagalimoto ka Sunbeam Alpine n'kukatcha Tiger. Inalowa ndithu, koma mothina moti pulagi imodzi yakumbuyo ankaimasulira pa kabowo ka m'kati mwa galimoto, kumapazi. Chrysler itagula Rootes mu 1967 inapezeka ikugulitsa galimoto yokhala ndi injini ya mdani wake, yakeyake inakana kulowamo, Tiger n'kuthera pomwepo.

Koma tinene kuti zonse zatheka. Makaniko waliza injini, anyamata a pagalaja akuwomba m'manja, mwini galimoto wagulira aliyense Fanta. Apa m'pamene kalumo kamayamba ntchito yeniyeni. Mphamvu yopotokola ija sikhala m'boneti. Imadutsa pa kilatchi, kulowa m'giyabokosi, kutsikira mu transfer box, kuyenda pa pulopela, kukhota mu difu, n'kukafika kutayala kudzera pa hafu shafuti. Onsewa anakula akudziwa injini yaulemu, yosakweza mawu. Hafu shafuti ya Series ili ndi mano 10 okha kumapeto kwake, ndipo inkaduka ngakhale ndi injini yobadwa nayo ikakumana ndi dalaivala wa phazi lolemera m'matope. Ndi mlendo, mvula yoyamba ya dzinja yomweyo imangoti thyo!

"Bwana, musadandaule," amatero makaniko akupukuta manja. "Timangoikapo Salisbury." Imeneyi ndi ekiselo yakumbuyo yolimba, ya mano 24, imene inkabwera pa Land Rover zazitali za 109. Yaikidwa. Tsopano shafuti sikuduka, ndiye mphamvu ija yabwerera m'mbuyo kukasaka wina wofooka, ndipo yapeza giyabokosi. Kachitsulo kotsika mtengo kaja, kamene mwini wake ankakatukwana, kankafera anzake okwera mtengo.

Kenako pamabwera nkhani ya liwiro. Madifu a Series ndi a 4.7, kutanthauza kuti pulopela imazungulira pafupifupi kasanu kuti tayala lizungulire kamodzi. Pozula chitsa n'zabwino zedi, koma pa M1 injini yatsopano imakuwa mokweza galimoto ikungoyenda 80. Mankhwala ake ndi overdrive, kapena madifu a Range Rover a 3.54. Aikidwa. Liwiro labwera, koma magiya onse atalika, ndipo pamtsetse wamiyala galimoto imene kale inkatsika yokha chokwawa tsopano ikudalira mabuleki. Mabulekiwo ndi a dilamu matayala onse anayi, ndipo akatentha amaiwala chimene anawalembera ntchito. Amene anatsikapo msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia akudziwa kuti nyanja imaoneka bwino kwambiri pakona iliyonse, koma palibe amene amafuna kuifikira podulira.

Pofika apa mayi a kunyumba amakhala atafunsa kale: "Bambo a Chikondi, paja munati mukungosintha injini?" Bambowo sananame. Iwo anasintha injini yokha. Zina zonsezo inasintha ndi injiniyo.

Pali gulu lina limene silifuna n'komwe kumva za mlendo. M'misika ya magalimoto akale ku Ulaya ndi ku America, galimoto imene ikadali ndi injini yobadwa nayo, nambala zikugwirizana ndi mapepala, imakwera mtengo kuposa inzake yothamanga. Anthu amenewa akaona dizilo ya ku Japan mu Land Rover amagwira pamtima. Koma akamva V8 ya Rover ikulira amavula chipewa, ati amenewo ndiye mawu enieni a Britain. Pepani abale, injini imeneyo inabadwira ku America, kwa a Buick, ndipo General Motors inasiya kuipanga mu 1963. Mkulu wa Rover, William Martin-Hurst, anaiona itangokhala pansi ku Mercury Marine, kampani ya injini za maboti ku Wisconsin, Rover n'kugula ufulu woipanga mu 1965. Pofika 1970 inali mu Range Rover. Mlendo akakhalitsa pamudzi, adzukulu amalumbira kuti mfunda wake ndi wawo womwewo.

Ine amene ndimawapatsa ulemu ndi mainjiniya a Land Rover a mu 1979, chifukwa mwambiwu anaumvetsa mpaka kumapeto. Poika V8 yomweyo mu 109, anabweretsa giyabokosi ya Range Rover, anakankhira ladiyeta kutsogolo, kenako anaika zotchinga mpweya panjira ya makabyuleta kuti injini imene mu Range Rover inkatulutsa horsepower pafupifupi 130 izingotulutsa 91. Anaitana mlendo, n'kumulanda kalumo pakhomo, kukakhula pamwala kuti kabunthe, n'kumubwezera mwaulemu.

Ena a 200Tdi ku Britain anatengera nzeru yomweyo. Munthu amasaka injini ya turbo, kuilipira, kuinyamula, kuitsuka bwinobwino, kenako n'kumasula turboyo kuti giyabokosi ikhale ndi moyo. Anafika poipatsa dzina, 200Di. Turboyo amaigulitsa kwa mnzawo amene sanathyolepo hafu shafuti.