Nyamalikiti amene anasanduka mvuu

Ndivomere poyera, popeza ku Kawaza kuno ngakhale ana a sukulu akudziwa: masokosi aja a timu yathu ndinagula ndine.

Anyamata atagulitsa thonje anasonkha ndalama n'kundipatsa ine, msungichuma wawo. Ankafuna mapeya 30 ofika m'mabondo, olembedwa dzina la mudzi, pambali pake nyamalikiti wa Thornicroft, yemwe sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa cha Luangwa chino. Otsala tinati tidzagulitsa kwa alendo aja ochokera kokaona nyama ku South Luangwa amene amadzagona m'mudzi mwathu.

Mkulu wina wodinda malaya ku Chipata anandichenjeza. "Achimwene, chithunzi cha pasokosi chimafuna kulukira limodzi ndi ulusi. Chodinda pamwamba chimatambasuka mwendo ukalowa. Lipirani peya imodzi, muvale, muchape, muone kaye." Ine mumtima ndinati mdalayu akufuna kundidyera masuku pamutu. Pa Facebook ndinali nditapeza kale mnyamata wa ku Lusaka wa mtengo wozizira, pakamwa pa uchi, wonditchula "bwana" pa uthenga uliwonse. Ndalama zonse ndinatumiza pafoni tsiku lomwelo.

Katoni inafika pa basi ku Mfuwe patatha masabata asanu. Ndinaitsegulira pomwepo, manja akunjenjemera. Kukongola kwake! Nyamalikiti wowonda, khosi neng'a, mawanga ake onse. Ndinapalasa njinga ndikuimba mluzu.

Loweruka kunali mpira. Woyamba kuvala anali wotchinga kumbuyo wathu, mnyamata wa akatumba ngati mtondo. Atangokoka sokosi, nyamalikiti anayamba kufufuma, mimba kupita m'mbali, khosi kumira m'mapewa, utoto kung'ambika timizere toyera. Kamwana kena kanaloza n'kukuwa, "Amayi, onani mvuu!" Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Tinagonja 3 kwa 0, ndipo mpaka lero midzi yoyandikana nafe imatitcha timu ya mvuu.

Mawa lake akazi anga anakachapa masokosiwo pa mjigo. Madzi a m'beseni anasanduka achikasu, mvuuyo n'kutsukuluka limodzi ndi dzina la mudzi. Ndinaimbira "bwana" mnzanga uja; foni yake inali yozima, ndipo sinayakenso.

Nkhani inakafika kwa anduna. Iwo anangofunsa funso limodzi: "Mwanawe, sampulo unaiona?" Ndinawerama ndikukanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Chifukwa cha mlanduwo, mbuzi yanga yaikazi inapita Lachiwiri, usungichuma n'kupita Lachitatu. Mapeya 14 osavala ali pansi pa bedi. Wa miyendo yowonda abwere adzatenge, ndi aulere, koma asachape.