Malangizo kwa Munthu Wofuna Kugula Katoni pa Mtengo wa Nyumba

Pakati pa misika yonse imene ana a anthu anaikhazikitsa pansi pa thambo, kuyambira ya mchere ndi makasu kufikira ya golide ndi mafuta, palibe umene ufuna kuti munthu aulowe atadzimangira malangizo m'chuuno kuposa msika wa makhadi a masewera wa ku America, kumene amuna a imvi, ena a iwo madokotala ndi maloya olemekezeka m'mizinda yawo, amaima tsiku lathunthu ataweramira timapepala tolimba tosaposa chikhatho kukula kwake, pamene panajambulidwa nkhope za anyamata amene ankamenya mpira wa baseball agogo athu asanamere mano, nakangana za mtengo wake ndi nkhope zosaseka. Popeza safunsa anadya phula, ndipo popeza phula la kumeneko ligulidwa ndi madola, ndaona kuti nkoyenera kutsina khutu aliyense amene mapazi ake angamtengere ku khomo limenelo.

Msonkhano waukulu wa anthu amenewa ndi National Sports Collectors Convention, umene unayamba mu 1980 ku Los Angeles, ndipo masiku ano kawirikawiri umachitikira ku Rosemont pafupi ndi Chicago, pena ku Cleveland kapena ku Atlantic City, chakumapeto kwa Julayi. Misonkhano ing'onoing'ono ili ponseponse kumathero a sabata, m'maholo a mahotela ndi a masukulu. Valani nsapato zofewa, tengani ndalama za m'manja, ndipo musiye chisoni chanu kunyumba.

Koma musanaponde pakhomo, phunzirani mbiri yopatulika ya mtunduwo, pakuti munthu wosaidziwa amadziwika ndi kayendedwe komwe, ndipo mtengo umamkwerera asanatsegule pakamwa. Makhadi otchuka a pachiyambi ankaikidwa m'mapaketi a ndudu. Pakati pa 1909 ndi 1911 kampani ya American Tobacco Company inatulutsa gulu limene lero alitcha T206, ndipo mwa ilo munali khadi la Honus Wagner wa timu ya Pittsburgh Pirates, amene anakaniza kuti nkhope yake isapitirire kusindikizidwa, ena ati chifukwa sanafune kuti ana azigula fodya pofuna chithunzi chake, ena ati chifukwa malipiro anamchepera. Inu mukafunsidwa, sankhani chifukwa choyambacho, poti chimakometsa malonda. Kukana kwakeko ndiko kunachititsa kuti makhadi ake odziwika lero akhale makumi ochepa chabe, ndi kuti limodzi ligulidwe pa madola 7.25 miliyoni mu 2022. Dzina loti T206 linachokera kwa Jefferson Burdick wa ku Syracuse, amene anayamba kulemba kaundula wa makhadi m'zaka za m'ma 1930, napereka chuma chake chonse ku Metropolitan Museum of Art ku New York, kumene anakhala zaka zambiri akumata makhadiwo m'mabuku. Dzina lake mulitchule ndi ulemu wonse. Za kumatazo musatchule, chifukwa lero munthu woyandikiza guluu pa khadi angamtulutse mu holomo ngati wakhate, ndipo si bwino kukumbutsa mpingo kuti kholo lawo ndilo linachimwa tchimo lalikulu koposa.

Tsopano tcherani khutu, pakuti pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Pa tebulo lililonse mudzapeza mwamuna wina akudandaula kuti ali mwana anali ndi makhadi odzaza katoni ya nsapato, ndipo kuti atapita ku koleji kapena ku usilikali, mayi ake posesa m'nyumba anawataya kudzala. Mum'pepese monga muchitira pamaliro, mupukuse mutu, muuse moyo. Koma mumtima mwanu muwadalitse amayi amenewo, iwo ndi tsache lawo, chifukwa popanda iwo sipakanakhala msika uno. Makhadi a kampani ya Topps ankagulitsidwa pamodzi ndi chingamu kwa ana a sukulu, ndipo anawo, pokhala ana, ankawaponyerana kukhoma, kuwamanga ndi mphira, kuwaika m'thumba la kabudula, ndi kuwapanikiza ku masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto; ndipo khadi lililonse limene linafa imfa yotere linaonjezera ulemerero kwa anzake otsala. Ngakhale eni kampani anathandizapo: Sy Berger wa ku Topps anasimba yekha kuti makatoni a makhadi a 1952 amene anakanika kugulitsidwa anawakweza m'bwato lonyamula zinyalala nakawakhuthulira m'nyanja ya Atlantic, ndipo m'gulu lomwelo munali khadi nambala 311, la Mickey Mantle wa New York Yankees. Chotero khadi limene mwana analikonda ndi mtima wake wonse nalitha makona, lero ndi la madola ochepa. Limene linagona mumdima zaka makumi asanu ndi awiri, losakhudzidwa, losakondedwa, loiwalika ndi onse, ndilo likhala pa mpando waulemu. Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa, koma akadafika ku Rosemont akadaona tsobola wakale akutulutsa misozi m'maso mwa amuna aakulu.

Mbadwo wotsatira unamva phunziro limeneli nulimvetsa mobwerera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990, makolo ndi ana anagwirizana kuti sadzatayanso khadi, makampani nawo anasindikiza mosaleka ngati mvula ya mvumbi, ndipo aliyense anasunga m'pulasitiki khadi la Ken Griffey Jr. la kampani ya Upper Deck la 1989 ndi zikwi za anzake, kuyembekeza kudzalipirira ana sukulu. Popeza onse anasunga, ambiri mwa makhadiwo lero sakwana ndi mtengo wa buledi. Ngati wachibale wanu wa kumeneko akupatsani katoni ya makhadi a zaka zimenezo kuti mukamgulitsireko, ilandireni ndi manja awiri, ndipo muisiye m'galimoto.

Mukafika pa tebulo la wogulitsa zakale, mudzaona kuti makhadi abwino ali m'bokosi la galasi lokiya, ndi kuti ambiri alibe mtengo wolembedwa, pakuti mtengo sulembedwa pa khadi koma pa nkhope yanu, pa wotchi yanu ndi pa kunjenjemera kwa chala chanu. Chifukwa chake khadi limene mwalidzera musaliyang'ane. Funsani za lina, muyamikire lachitatu, mudandaule za kutentha kwa m'holo, ndipo pokhapokha mukutembenuka kuti muzipita ndi pamene munene ngati mwangozi kuti, “Nanga kakale aka, bambo, mukuti bwanji?” Iye, amene wakhala akuwerenga khosi lanu chifikireni, adzadziwa zonse, komabe mwambo uyenera kukwaniritsidwa, ndipo adzakulemekezani poona kuti mwayesako kunama. Adzayankha ndi funso lakuti inu mufuna kupereka zingati, ndipo mukatchula, adzagwira pamtima, nanena kuti iye mwini analigula pa mtengo woposa pamenepo. Mawu amenewa musawatsutse. Palibe wogulitsa m'holo yonseyo amene anapindulapo pa khadi chiyambire 1980; onse amalipira matebulo, mahotela ndi ndege chifukwa cha chikondi chokha cha pa abale.

Kenaka idzabwera nkhani ya kudenga. Khadi lililonse lakale linapezeka kudenga kwa nyumba ya agogo ena amene anamwalira posachedwa, m'katoni imene munthu sanaitsegule chithere nkhondo. Musaseke, chifukwa bodza limeneli lili ndi mizu m'choonadi, ndipo ndicho chake silifa: mu 2012 banja lina ku Defiance, m'chigawo cha Ohio, linapezadi kudenga makhadi pafupifupi 700 a cha m'ma 1910, ooneka ngati asindikizidwa dzulo, ndipo mu 1986 wamalonda wotchuka Alan Rosen, amene ankadzitcha Mr. Mint nayenda ndi chikwama chodzaza ndalama, anagula ku Massachusetts mulu wa makhadi a Topps a 1952 amene anapulumuka ku nyanja ija. Limodzi la Mantle la mu muluwo analigulitsa mu 1991 pa madola 50,000, ndipo lomwelo linagulidwa mu Ogasiti 2022 ku okushoni ya Heritage Auctions pa madola 12.6 miliyoni. Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri zakuthwa, ndipo muisamale: wogulitsa akaisimba, afuna muone chuma chimene chikudikira inu, inu mukaisimba, mwamkumbutsa kuti mwina akutaya chuma chake, ndipo mtengo udzakwera muli chiimire.

Za magiredi ndiyenera kunenapo mofatsa. Kuyambira 1991 kuli kampani ya PSA ku California, ndipo pambuyo pake kunabwera SGC ndi Beckett, zimene ntchito yake ndi kulandira khadi, kuona ngati chithunzi chili pakatikati, ngati makona ali akuthwa, ngati m'mphepete ndi pankhope mulibe banga, ndi kulipatsa nambala kuyambira 1 kufikira 10, kenaka kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatsegulika popanda kukaswa. Mlimi wa fodya amene anaimapo pambali pa belo lake ku okushoni ya ku Kanengo, naona thukuta la chaka chonse likuweruzidwa ndi munthu wongodutsa, adziwa kale mmene mtima umachitira pamenepo. Kusiyana kwake nkwakuti kuno kusuntha kwa nambala imodzi kungasandutse mtengo wa njinga kukhala wa galimoto. Gulani nambalayo, mbale wanga, ndipo muikhulupirire ndi chikhulupiriro chosagwedezeka. Koma musafunse za khadi loyamba limene PSA inaliweruza. Linali la Wagner, limene Wayne Gretzky, katswiri wa hockey, anagula pamodzi ndi Bruce McNall mu 1991 pa madola 451,000, ndipo linapatsidwa 8. Patapita zaka, mu 2013, Bill Mastro, amene analigula kale pa madola 25,000, anavomera pamaso pa khoti kuti analidula m'mphepete kuti lioneke lokongola, navomeranso kuti pa okushoni yake ankakweza mitengo ndi ogula abodza. Ndipo mu 2015 anamlamula kukakhala kundende miyezi 20. Khadilo linali litagulidwa kale mu 2007 pa madola 2.8 miliyoni, ndipo kutchuka kwake sikunachepe. Chikomekome cha mkuyu, anatero makolo. Koma iwo sanadziwe kuti kuli dziko kumene nyerere za m'katimo nazonso zili ndi mtengo wake.

Pa chifukwa chimenechi, khadi lakale la makona akuthwa koposa muliope monga muopera nkhalamba ya mano onse oyera. Tengani rula ndi galasi lokulitsira, ndipo ngakhale musadziwe chimene mukufuna kuona, yang'anani nthawi yaitali, mung'ung'udze pang'ono, mulitembenuze, mulinunkhize. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ngakhale nkhonoyo isatulutse maso, kudekhako kumatsitsa madola makumi awiri. Mukamachita zimenezi padzafika munthu wina pambali panu, nadzanena mokweza kuti ngati inu simulitenga iye alitenga tsopano lino. Ameneyo mudzamuona madzulo akudyera limodzi ndi wogulitsa uja.

Anyamata a masiku ano amatulutsa foni ndi kuonetsa wogulitsa mitengo imene khadi lotero lagulidwira pa eBay. Chitani chomwecho ngati mufuna, koma dziwani kuti yankho lilipo kale: aja a pa foni anali oipa, ili la pa tebulo lilibe lina lofanana nalo. Chida chenicheni ndi tsiku lomaliza, Lamulungu masana, pamene miyendo ya wogulitsa yatupa, ngongole ya hotela yakwana, ndipo makatoni onse ayenera kubwerera m'galimoto. Pamenepo yalani ndalama zanu pa galasi, zioneke ndi maso, ndipo mudzaona mtima umene unali mwala Lachinayi ukusungunuka.

Mukafika nalo kunyumba, simudzalikhudza konse, pakuti lili m'pulasitiki. Simudzalipachika pakhoma, pakuti dzuwa limafwifwitsa utoto. Simudzauza anansi, pakuti akuba ali ndi makutu. Ndipo mwana wanu akapempha kuti aligwireko, mudzamkalipira ndi liwu limene simunadziwe kuti muli nalo. Malo ake ndi kubanki, m'kabati yachitsulo, kumene mudzalipira chaka ndi chaka kuti likhale mumdima.

Chaka chamawa, ngongole zikakupanani, bwererani nalo kwa wogulitsa yemwe uja. Adzalilandira ngati mlendo amene sanamuonepo, adzavala magalasi, ndipo kamzere kaja kamene chaka chatha anakatcha chizindikiro cha ukalamba wolemekezeka adzakatcha bala losapola; adzapeza kuti chithunzi chapendekera kumanzere, kuti Mantle anthu atopa naye, kuti msika wagwa sabata yomweyo, ndi kuti oweruza a tsiku limenelo anali ndi tulo. Pomaliza, chifukwa cha ubale wanu wakale, ndi chifukwa chakuti nkhope yanu yamkumbutsa malemu mchimwene wake, adzakupatsani gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munalipira. Zilandireni, muthokoze, ndipo musachedwe pa tebulopo, chifukwa kumbuyo kwanu kwaima kale munthu wina wa nsapato zofewa amene ayenera kumva za agogo a kudenga kumene khadi lanu lapezeka m'mawa uno.