Mutu umodzi susenza denga, nanga meshi?

Mwambi woti mutu umodzi susenza denga umamveka bwino pomanga nkhokwe. Denga amalipangira pansi, likatha amuna angapo amalowa kunsi kwake n'kulinyamula kukaliika pamwamba. Masiku ano malata amangokhomera pamwamba pomwepo, ndipo mwambiwu ukanapuma pantchito ukanapanda kupeza ganyu kwa oluka tsitsi.

Vuto loyamba n'lakuti munthu saona kunkhongo kwake. Phalombe inapatuka ku Mulanje mu 1998 n'kukhala boma palokha, koma ufulu wotere sunafikebe kwa mwini tsitsi lalitali. Mayi wa ku Migowi kapena ku Chiringa, ngakhale akhale ndi magalasi awiri, amakhala pamphasa, mutu n'kuupereka pakati pa maondo a mnzake.

Kalukidwe kosavuta ndi mizere. Woluka amagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso, n'kumaluka motsata khungu kuchoka pachipumi kupita kumbuyo. Ntchito imatha mu ola limodzi kapena awiri, ndipo mutu umapirira fumbi lokolola nandolo kwa sabata ndithu. Kumanga ndi ulusi wakuda nakonso n'kotchipa, ndipo kumawongola tsitsi popanda moto kapena mankhwala.

Mwambi umagwira ntchito yeniyeni pa meshi zazitali, zija zimagwa mpaka m'chiuno. Meshi imabwera m'mapaketi, ndipo mutu umodzi umadya angapo. Oluka amakhala awiri, wina kumanja wina kumanzere, aliyense akukokera kwake. Wachitatu, kawirikawiri mwana amene walephera kuthawa, amakhala pambali n'kumagawa timitolo ta meshi n'kumapatsira. Wachinayi amayang'anira mphika, chifukwa nsonga amaziviika m'madzi otentha kuti zisamasuke, wolukidwayo atadziphimba thaulo m'khosi n'kumapemphera chamumtima. Ntchito ikayamba m'mawa, mawu oti “Achemwali, musagwedezeke, tatsala pang'ono” amayamba kumveka masana ndipo amapitirira mpaka nkhuku kulowa. Pali mutu winanso umene suoneka pamalopo koma umapweteka mofanana: wa bambo amene anagulitsa thumba la mpendadzuwa kuti alipire zonsezi.

Tsitsi likatha, mwini wake amazindikira kuti m'chigwa cha Phalombe mumatentha. Mwezi wa Okutobala, anthu akamakonzekera maukwati ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, meshi zogwa kumsana zimatulutsa thukuta ngakhale munthu ali pamthunzi. Mankhwala ake n'kumanga pamwamba. Amasonkhanitsa zingwe zonse paliwombo, kuzimanga ndi labala, kuzizunguliza, nsonga n'kuzisomeka kunsi. Chotuluka pamenepo chimaonekera patali ngati phiri la Michesi, ndipo wokhala kumbuyo kwake m'tchalitchi amamva ulaliki koma mlaliki samuona.

Apa m'pamene mutu umodzi umasenzadi denga, n'kupezeka kuti wasowa malo a katundu wina. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo chimafuna nkhata pamalo omwewo pamene pakhala mfundo ya tsitsi. Kumjigo sakambirana. Mwina mfundo itsike, mwina madzi akatunge wina. Chipewa cha panjinga yamoto ya kabaza nacho chimakana kulowa. Odziwa zinthu amamanga pamwamba Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba n'kutsitsira mfundo kunkhongo, kapena kugawa meshi pawiri n'kuluka zingwe ziwiri zazikulu zogwera kumbuyo. Duku limabisa zotsala.

Kumangitsa kwambiri kuli ndi mtengo wake. Wolukidwa kumene amadziwika ndi nsidze zokwera, moti amaoneka wodabwa masiku atatu, ndipo akaitanidwa amatembenuka thupi lonse. Usiku woyamba amagona chafufumimba. Izi anthu amaseka, koma tsitsi la m'mphepete mwa chipumi likamakokedwa chonchi kawirikawiri limathothoka, ndipo pakapita zaka silimeranso. Tiziphuphu m'mizu ya tsitsi ndi mutu wosaleka kupweteka ndi zizindikiro zoti zingwe zam'mphepete zimasulidwe tsiku lomwelo, ngakhale ndalama ikuwawa. Chipumi cha ena chakula popanda eni ake kupempha.

Meshi imafuna kuchapa khungu la mutu, kuumitsa bwinobwino ndi kudzola mafuta pang'ono, apo ayi mfundu imayamba ndipo mwini wake amangodzimenya pamutu pagulu poti kukanda sikutheka. Isapitirire milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Pomasula mitu imafunikanso yambiri: wina amadula nsonga ndi sizasi, mosamala kuti asadule tsitsi lenileni, ena n'kumamasula chingwe chimodzichimodzi madzulo onse. Tsitsi lizipesedwa lisananyowetsedwe kuti lisapotane, kenako lipume sabata imodzi kapena ziwiri lisanalukidwenso.