Ulemu kwa agogo athu, kompyuta yofiriza

Pa Kamwendo, m'dera la Inkosi Zulu, muli anthu amphamvu: mavenda a mtedza ndi soya ndi masikelo awo, akabaza, amayi oyenda geni ya ku Chipata kudzera pa Mwami. Koma palibe amene amakhazika anthu pansi osatulutsa liwu ngakhale limodzi kuposa kompyuta ya m'shopu yotaipira makalata ikafiriza. Bayete ndi wa Inkosi, sitingamuwononge pa makina, koma m'manja mokha tiwombe. Ndipo poti makinawa anafika kuno atakalamba kale kwa eni ake kunja, tiziwatchula mwaulemu kuti agogo.

Choyamba ndi chilungamo chawo. Mwabwera ndi kalata yofunsira ntchito, mawa ndiye tsiku lotseka. Mnyamata wataipa mpaka pa "Ine wanu", ndiye kamuvi kaja kasanduka kamkombero kongozungulira, sikirini yachita mbuu, pamwamba palembedwa "Not Responding". Ndani wina m'dziko muno amavomera poyera kuti sakuyankha? Ena amakuuzani kuti bwana atuluka pang'ono, bwerani Lolemba. Agogo ayi. Akatopa amalemba, aliyense awerenge yekha.

Pa benchi paja, anthu amene akanangodutsana ayamba kufunsana za mtengo wa feteleza ndi za mvula ya kumudzi kwawo. Wodzaika nyimbo mu memore wapeza kuti wodzapanga fotokope ya chitupa ndi msuweni wa mlamu wake. Misonkhano yachitukuko imalephera kuchita zimenezi ngakhale pali Fanta.

Ndiye taonani ana amene agogo abereka. Zala zitatu zimene mnyamata uja waponya pa kiyibodi, Ctrl, Alt ndi Del, anazikonza ndi David Bradley wa ku IBM pa kompyuta yawo ya 1981, kuti makina akauma mutu aziyambiranso osawazimitsa. Mu 2013 Bill Gates, polankhula ku Harvard, anavomera kuti kulowetsa anthu mu Windows ndi mabatani atatuwa kunali kulakwitsa. Kulakwitsa kwake n'kumene lero kukudyetsa ana pa Kamwendo. Nayo Task Manager, imene mnyamata amaitsegula kudzera pa mabatani omwewa, anaiyambira kunyumba kwake David Plummer, ndipo inatuluka ndi Windows NT 4.0 mu 1996. Makompyuta akanakhala omvera, bamboyu bwenzi palibe akumudziwa.

Task Manager imaulula amene akudya chiyani. Mzere uliwonse ndi pulogalamu, pambali pake pali gawo la CPU ndi la RAM limene yakumbatira. Zili ngati pamaliro mutalemba aliyense ndi mitanda ya nsima imene wameza: mupeza kuti Chrome, amene anangoti akudutsa, wamaliza dengu lonse, pamene Word, namfedwa weniweni, wagona ndi njala. Mnyamata asankha wosusukayo, adina "End task", mlandu watha popanda chindapusa. Nthawi zina Word nayenso amatsekedwa, kalata ija n'kupita naye limodzi, poti sanaisunge. Muyambirenso, mwina ulendo uno muilemba bwino.

Mphatso yaikulu koposa ndi imene agogo amapereka kwa wachinyamata amene wakwiya mokwanira. Malamulo a m'kati mwa Task Manager ndi a Microsoft, sungawaone kapena kuwasintha. Koma Hisham Muhammad wa ku Brazil analemba htop, pulogalamu yonga Task Manager, mu 2004 n'kuisiya poyera pa chilolezo cha GPL, kuti aliyense awerenge, akonze, agawe. Nafenso si alendo pa zotere: Baobab Health Trust inamanga mapulogalamu a m'zipatala za m'Malawi muno pa njira yomweyi. Tsono mnyamata wa m'shopu, madzulo makasitomala atapita, atsegula Python, afunsa makina kudzera mu psutil kuti ndani akudya zingati, ajambula kawindo kokhala ndi batani limodzi lofiira, n'kuika zonse pa GitHub ndi bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo.

Malipiro ake ndi osiririka. Munthu wosamudziwa wa kutsidya la nyanja amulembera kuti pulogalamu yako ikukana pa Mac, konza msanga. Wina akufuna ya mtundu wakuda. Zikomo palibe, tambala palibe, ndipo magetsi athima ali pakati poyankha. Tsiku loyamba kuiyesa pa agogo, pulogalamu yoletsa kufiriza ija nayo yafiriza, mpaka yachita kutsekedwa ndi Task Manager yakale. Ndi sukulu iti ya ku Lilongwe ingaphunzitse kudzichepetsa kotere popanda fizi?

Choncho inu eni mashopu, musamvere okunyengani kuti muwonjezere RAM kapena kupukuta fumbi la mu fani. Asiyeni agogo apume pamene afunira. Inu makasitomala, pobwera ndi kalata muzitenga ndi chimanga chootcha, ndipo m'bale wa ku boma mumuuziretu kuti mufika mawa.