Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale ku London

Akuluakulu amene anati madzi saiwala khwawa sanafikeko ku London, koma akanafika bwenzi atalembedwa ntchito ku khonsolo tsiku lomwelo. Kwathu mwambiwu timaunena pojeda munthu amene wabwerera ku zake zakale: chidakwa chimene chinalapa pa Pasaka n'kupezekanso pa kachasu mwezi usanathe, kapena bambo amene wayambanso kuzembera kwa mkazi amene anamusiya ndi malumbiro. Madziwo amangobwerekedwa kuti nkhani ikome. Ku London mwambiwu subisa kanthu. Umanena za madzi enieni, akuda bii, amene amatulukira m'chimbudzi cha m'nyumba mwanu inu muli mtulo.

Kwathu pansi pa nthaka timasiyira mbewa, dzenje la chimbudzi ndi anzathu amene anatsogola. Munthu wamoyo, mutu ukugwira bwinobwino, sangakumbe dzenje n'kuikamo bedi. Koma nyumba zambiri zakale za ku London, zomangidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria, zili ndi zipinda za pansi pa nthaka zimene eni ake amati basement. Kale kumeneko kunkakhala khitchini, malasha ndi antchito, pamene abwana ankapuma mpweya wabwino kumtunda. Lero alandilodi anapakamo penti yoyera, kuyalamo kapeti, n'kuyamba kudyerapo lendi. Popeza lendi yake imatsikako pang'ono, m'bale wathu amene wangofika kumene, amene akuwerenga khobidi lililonse kuti atumizeko kumudzi, ndi amene amatsikira kumeneko. Pawindo amaona akakolo a anthu odutsa mumsewu. Chithunzi chotumiza kwa achibale amachijambulira panja, pa masitepe a khomo la pamwamba, limene si lake.

Chimene alandilodi satchula ndi chakuti London anamangidwa pamwamba pa mitsinje. Thames aliyense amaudziwa, koma palinso ana ake amene anakwiriridwa amoyo. Fleet, umene unapatsa dzina msewu wotchuka wa Fleet Street, umachokera ku Hampstead n'kuyenda pansi pa misewu mpaka kukathira mu Thames pa mlatho wa Blackfriars. Tyburn umadutsa pansi pa dera la Buckingham Palace, ndiye kuti nayonso nyumba ya mfumu ili pa khwawa. Effra uli pansi pa Brixton. Westbourne ndiye anauchititsa manyazi kwambiri: pa siteshoni ya sitima zapansi ya Sloane Square, mtsinjewu anautsekera m'chipaipi chachitsulo chimene chimadutsa pamwamba pa mitu ya anthu odikira sitima, ambiri osadziwa n'komwe kuti aima pansi pa mtsinje. Mitsinje yonseyi anaifafaniza pa mapu, koma palibe amene anapita kukaiuza mvula.

Ndiye pali nkhani ya ngalande za suweji. M'chaka cha 1858 Thames ananunkha mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anafika poviika makatani m'mankhwala kuti apume. Fungo likafika pamphuno za akuluakulu ndalama zimapezeka msanga, izi n'zofanana kulikonse. Injiniya Joseph Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za njerwa zimene zikugwirabe ntchito mpaka lero. Pa nthawiyo mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni, pano uli ndi pafupifupi 9 miliyoni, ndipo ambiri anathira konkire kapena kuyala miyala pakhomo pomwe kale panali udzu, kuti apeze poimika galimoto. Vuto lenileni n'lakuti m'katikati mwa mzindawu madzi a mvula ndi zochokera m'zimbudzi zimayenda njira imodzi. Mvula ikagwa ya mkokomo, ngalandeyo imadzaza. Zotsalazo zimafunafuna potulukira potsika kuposa ponse, ndipo potsika kuposa ponse mumsewu wonsewo ndi bafa la m'bale wathu uja.

Pa 12 July 2021 zinachitikadi, n'kubwerezanso pa 25 July. Madera ena analandira mvula ya mwezi wathunthu m'maola ochepa chabe. Ku Notting Hill, Maida Vale ndi Kensington zipinda zapansi zinadzaza, ndipo pa tsiku lachiwirilo siteshoni ya Pudding Mill Lane inasanduka dziwe. Madziwo sanayang'ane nkhope. Brian May, woimba gitala wa gulu la Queen, anapeza chipinda chake chapansi ku Kensington chitadzaza matope akuda a suweji, makapeti ndi zithunzi zakale zitaonongeka. Iye analoza chala anthu olemera amene akhala akukumba pansi pa nyumba zawo. Paja ku London mpondamatiki akasowa malo okulitsira nyumba amakumba chotsika, nyumba ziwiri kapena zitatu kupita pansi, n'kuikamo chipinda choonera kanema, chochitira masewera olimbitsa thupi ndi dziwe losambiramo. Wolemera amalipira mamiliyoni kuti akhale ndi dziwe pansi pa nyumba, wosauka amalilandira laulere, lobwera ndi zonse.

Tsono tinene kuti zakugwerani. Mwadzuka usiku, mwaponda pansi, phazi lati chubwi. Apa tisiye kaye nthabwala. Ngati madzi akukwera, tulukani. Mu September 2021, mvula yotsalira ya namondwe Ida itagwa ku New York, anthu 11 anafera m'zipinda za pansi pa nthaka, ambiri mwa iwo obwera ochokera kumaiko ena. Madzi akaunjikana kuseri kwa chitseko amachikankha ndi mphamvu yoti munthu mmodzi sangalimbane nayo, ndipo chipinda chapansi kawirikawiri chimakhala ndi khomo limodzi. Magetsi nawo ndi mdani wachiwiri. Ngati bokosi lozimitsira lili poti mungafikepo mutaima pouma, zimitsani. Ngati mpaka muwoloke madzi kuti mulifikire, lisiyeni, itanani odziwa.

Kukacha ndi pamene Mmalawi amaonetsa kumene anachokera. Woyandikana naye akuimbira foni a inshulansi, iye watenga kale ndowa. Ife ndowa timaikhulupirira, inatilera. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Chipinda cha mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, madzi akafika masentimita 30 okha, ndiye kuti muli malita 6,000. Ndowa ya malita 20 mudzaisenza maulendo 300, ndipo ulendo uliwonse ndi wokwera masitepe. Mukafika kumtunda n'kukhuthulira mumsewu, madziwo amalowa m'ngalande yomwe ija yodzaza kale, n'kukudikirani kubafa. Mukhoza kutha tsiku lonse mukusenza madzi amodzimodzi, mpaka kuyamba kudziwana nawo.

Pamafunika pampu, ndipo nayonso ili ndi mwambo wake. Madzi akakhala akuya, odziwa za zomangamanga amalangiza kuti musapope onse nthawi imodzi, koma pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu patsiku. Chifukwa chake n'chakuti dothi la kunja kwa khoma nalo lakhuta madzi ndipo likukankhira m'kati. Madzi a m'nyumbawo, ngakhale ndi onyansa, ndi amene akuthandiza khoma kuti lisagwe. Mlendo woipayu mumamuperekeza mwaulemu. Pampu ikakhala ya petulo, kapena mukabwereka jenereta, ziimirire panja, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete m'chipinda chotsekeka.

Musanasunthe kanthu, jambulani zithunzi. Foni imene mwakhala mukujambulira nkhope yanu pa London Bridge igwireko ntchito yeniyeni. Jambulani mzere umene madzi afika pakhoma, firiji, bedi, chilichonse. Apa ndi pamene ambiri amamva koyamba kuti inshulansi ya alandilodi imateteza makoma a alandilodi. Katundu wa wochita lendi amafuna inshulansi yakeyake, ija munaiona ngati kutaya ndalama chifukwa kumudzi kunali kofunika feteleza.

Ndipo katunduyo ndi amene amaulula zinsinsi. Madzi osefukira salemekeza chikwama. Amatulutsa zonse zimene munabisa pansi pa bedi: masutikesi atatu a zovala zimene mwakhala mukusonkhanitsa kuti mudzatumize kumudzi "kontena ikadzapezeka", nsapato za mwana wa achimwene amene pano anakula mpaka anakwatira, ufa umene munausunga kuti mudzaphike nsima pa Khirisimasi, wasanduka phala musanauteleke. Thumba la usipa limene linadutsa mwamwayi pa bwalo la ndege tsopano labwerera m'madzi, kwawo. Zonsezi zimayandama poyera, oyandikana nawo akuona.

Kutaya ndi kumene kumatipweteka. Mtima umati chapa, yanika, zikhala bwino. Koma muyanika padzuwa liti? Komanso awa si madzi a pachitsime. Matiresi, kapeti, mapilo ndi mipando ya thonje zikamwa madzi a suweji, zatha basi. Chakudya chilichonse chimene chakhudzidwa chitayidwe. Zolimba monga mapoto, matailosi ndi zitsulo zimatsukika ndi sopo ndi mankhwala a kolorini, mutavala majombo ndi magolovesi. Nkhungu imayamba kumera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, choncho mawindo atsegulidwe, ndipo mubwereke makina oyamwa chinyezi, amene amalira usana ndi usiku kwa milungu ingapo akudya magetsi amene mudzalipire ndinu. Pasipoti ndi mapepala a chilolezo chokhalira m'dzikomo, ngati zapulumuka, kuyambira lero zizigona pa shelefu ya pamwamba, m'pepala la pulasitiki.

Kenako imafika nthawi yoimbira foni kumudzi.

"Amayi, nyumba yathu kuno yalowa madzi."

"Denga linasasuka?"

"Ayi, achokera pansi."

"Pansi? Kodi unamanga kudambo?"

"Ayi amayi, kungoti chipinda changa chili pansi pa nthaka."

Pamakhala kaye chete wautali, wodya mayunitsi.

"Mwana wanga, ndege yonse ija unakwera, ukagone kudzenje?"

Mungafune kuwayankha kuti nafenso ku Lilongwe timagula mapuloti m'mphepete mwa Lingadzi mu October, nthaka ili gwaa, wogulitsa akulumbira kuti kuno madzi sanafikeko chibadwire chake, ndipo pofika February a ku Mtandire amakhala akuyanika matiresi padenga. Koma mayi sayankhidwa choncho, komanso mfundo yawo ndi yoona.

Zotchinjiriza zilipo. Pali kachitseko koika m'paipi ya suweji kamene kamalola zoipa kutuluka koma osabwerera. Pali pampu yokhala m'kadzenje pakona, imene imadzidzutsa yokha madzi akayamba kukwera, bola magetsi asazime, ndipo amakonda kuzima nthawi yomweyo. Pali zotchingira pakhomo, ndi nzeru yosavuta yokweza masoketi a magetsi m'mwamba. Zonsezi zimafuna ndalama za mwini nyumba, amene amakhala kumtunda kapena kutali, kumene mapazi ake sanyowa.

Chimene alandilodi ambiri amagula ndi chitini cha penti. Pakatha miyezi iwiri chipinda chija chauma, kapeti ndi watsopano, ndipo chalengezedwanso kuti chikufuna munthu, lendi itakwerako pang'ono chifukwa "changokonzedwa kumene". Mukapita kukachiona, musatengeke ndi maluwa a pawindo. Gwadani pansi mununkhize m'makona. Yang'anani ngati penti ya kuyambira m'chiuno kutsika ikuwala kuposa ya kumtunda. Funsani chifukwa chake firiji yaikidwa pa njerwa. Akakuuzani kuti munthu amene ankakhalamo kale anali wamtali ndipo sankafuna kuwerama, funsani kumene anasamukira. Mudzamva kuti anapeza chipinda pa nyumba yachinayi kupita m'mwamba, kopanda chikepe, ndipo sadandaula.